Mthunzi wa Mkamwini

Chrispin anabadwira kwa Maganga, ndipo anabadwa ndi matenda amodzi amene chipatala chilibe mankhwala ake: sankatha kuona chinthu chomangidwa ndi masikuluwu n'kuchisiya mu mtendere. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anamasula wailesi ya bambo ake, a Mose, kuti aone pamene pamakhala anthu olankhulawo. Anthuwo sanawapeze. Wailesi sinalankhulenso kuyambira tsiku limenelo, koma iye analankhula mokweza kwambiri bambo ake atabwera kumunda, moti mudzi wonse unadziwa kuti kwa a Mose kwafa wailesi.

Folomu 4 anaimaliza mokoka miyendo. Kenako anapita ku Lilongwe, kumene anakhala zaka zitatu pa benchi ya munthu wina wokonza mafoni mu msika, akupsa zala ndi chowotcherera mawaya ndi kutukwanidwa ndi eni mafoni. Atabwerera anatsegula kashopu kake pa Khombedza, pakati pa telala ndi wowotcha kanyenya. Pakhomo analembapo yekha kuti "Dokotala wa Mafoni", koma anayamba ndi zilembo zikuluzikulu zodzitama, malo n'kumuthera, moti mawu omalizawo amawawerenga ndi munthu amene wafika kale pakhomo.

Mafoni okha sanamukwanire. Anayamba kuonera mavidiyo ophunzitsa kulemba mapulogalamu a tizipangizo tija timakhala m'kati mwa makina n'kumawauza nthawi yoyaka ndi yozima. Anaitanitsa kabolodi kobiriwira, kolingana ndi bokosi la machesi, napezanso laputopu yakale imene batire yake inkatha munthu asanamalize kupereka moni. Patatha sabata ziwiri anakwanitsa kuchititsa kababu kofiira kuphethira kamodzi pa sekondi iliyonse. Anathamanga kukaitana telala kuti adzachitire umboni. Telala anabwera tepi ili m'khosi, nayang'ana kababuko nthawi yaitali.

"Ndiye kamangophethira basi?"

"Kakuphethira chifukwa ndakauza ndine," anayankha Chrispin.

"Nkhuku yanga imaphethira popanda woiuza," anatero telala, nabwerera ku makina ake.

Chrispin anakwatira Tikondwe, wa kufupi ndi Chinguluwe, ndipo ali ndi mwana mmodzi, Alinafe. Amakhala pa lendi pa Khombedza pomwepo, koma mkamwini amayezedwabe kwa akazi ake ngakhale atakhala kutali bwanji. Apongozi ake, mayi Gladys, ndi amasiye olima mpunga, ochepa thupi ndiponso ochepa mawu. Ulemu wa pakati pa awiriwa ndi wachikale. Sayang'anizana m'maso, sadyera pamodzi, ndipo akakumana pa kanjira aliyense amapatukira mnzake mpaka onse awiri kupezeka ali m'tchire, njira ili yokha. Tsiku limene Chrispin anayesa kuwathandiza kupalira, anadula maungu asanu n'kutuluka matuza anayi dzuwa lisanakwere. Mayi Gladys sananene kanthu. Anangotuma Tikondwe kuti akauze bambo a Alinafe apume, atopa. Kusanena kanthuko kunamupweteka kuposa kutukwanidwa, ndipo kwa zaka zinayi anakhala akufunafuna poonetsera kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi chitsa.

Mwayi unabwera pampu itapsa. Kunja kwa sikimu yaikulu ya mpunga wamthirira kuli mabanja khumi ndi awiri amene ali ndi kalabu yawoyawo, chitsime chawo, ndi pampu ya sola yothira madzi mu ngalande imodzi yodutsa m'mapuloti onse. Puloti ya mayi Gladys ndiyo yomaliza, ndipo madzi amafikako ena onse atamwa. Pampu yoyamba inapsa masana ena anthu ali ku maliro: madzi anachepa m'chitsime, iyo n'kumangoyamwa mpweya mpaka kufa. Itabwera yatsopano, Chrispin anaimirira pa msonkhano wa kalabu, wosaitanidwa, nalonjeza kabokosi kodziwa kuti madzi achepa n'kuzimitsa pampu, madzi akabwerera n'kuiyatsanso kokha.

Anakapangadi. Mawaya awiri ankatsikira m'chitsime kukamva madzi, kabolodi kankaganiza, ndipo kachipangizo kena kankadula kapena kulumikiza magetsi opita ku pampu. Pa benchi ya mu shopu zonse zinkayenda ngati za m'vidiyo. Vuto la Chrispin linali loti ankakhulupirira makina koma osakhulupirira anthu. Siwichi yolambalala kabokosiko sanaikepo, poopa kuti alimi angamaiseweretse. Anapeza bokosi lachitsulo, nalitseka m'mphepete ndi labala wa chubu cha njinga kuti nyerere ndi mvula zisalowe, nalipaka penti wakuda amene anatsala popaka chitseko cha shopu, nalikhoma loko, kiyi m'thumba mwake. Anangosiya kabowo kamodzi kotseka ndi galasi kuti aliyense wodutsa aziona kababu kofiira kakuphethira. Kabokosiko anakakhoma pa mlongoti kuseri kwa mapanelo a sola, mwezi wa Juni, anthu atavala majuzi.

Kanagwira ntchito, ndipo apa ndi pamene munthuyo anaonongeka. Anthu anayamba kumutchula a injiniya. Mapewa anakwera, anagula cholembera chongoika m'thumba la malaya, ndipo wowotcha kanyenya amati m'miyezi imeneyo Chrispin ankayenda ngati munthu wosenza mazira. Nkhuku imene anatumiza mayi Gladys mu Ogasiti anachedwa kuipha, chifukwa ankafuna telala aione kaye.

Mu Okutobala, nthawi imene kutentha kwa ku Salima kumalowa mpaka m'mafupa, foni yake inalira. Anali Che Twaibu, mkulu amene amayang'anira pampu ndi kutsegula ngalande. Iwowa anali msodzi zaka zambiri mpaka mawondo anawakaniza bwato, ndipo nthawi amaiwerengera pa swala, mapemphero a Chisilamu, osati pa wotchi.

"A injiniya, pampu ikumafa."

"Ikumafa bwanji, bambo? Madzi akachepa imayenera kuzima."

"Madzi alimo odzaza. Ikumafa pa Dhuhuri, pa swala ya masana ija, n'kudzuka yokha cha pa Asiri, dzuwa litapendeka. Kababu kanu kaja nakonso kakumazima. Lero ndi tsiku lachinayi. Koma Lachinayi lapitali kunali mitambo, sinafe."

Chrispin anaseka, kuseka kwa munthu wophunzira. Anawafotokozera mkuluyo kuti pampu ya sola ikafuna kufooka imafooka kukakhala mitambo, osati dzuwa likuswa mtengo, choncho za mitambozo angozisiya. Che Twaibu anati iwo angonena zimene aona.

Maola atatu amenewo ndiwo amene pampu imatunga madzi ambiri pa tsiku lonse. Popanda iwo, mapuloti oyambirira ankamwabe, apakati ankanyowa pang'ono, koma kwa mayi Gladys madzi sankafika. Mpunga wawo unali utayamba kutulutsa ngala, nthawi imene ukasowa madzi sabata imodzi umangobala mankhusu.

Mkamwini sangotulukira kwa apongozi ngati mbuzi yosokera, choncho Chrispin anauza Tikondwe, Tikondwe anaimbira mayi ake kuti bambo a Alinafe abwera mawa. Anafika cha m'ma teni pa kabaza, chikwama cha zida pa msana. Anapeza zonse zakonzedwa. Mayi Gladys anali atazika mitengo iwiri pafupi ndi mlongoti uja n'kumangapo mphasa pamwamba kuti mlendo asapse ndi dzuwa, pansi pali kampando ndi botolo la thobwa. Chrispin anakhala mu mthunzimo, natsegula kabokosi, nayeza magetsi ndi mita yake, nagwedeza waya uliwonse. Zonse zinali bwino. Dhuhuri inakwana, Che Twaibu anakaswali n'kubwerera, pampu ikungoimba. Asiri inakwananso. Chrispin anamaliza thobwa, namangitsa sikuluwu imodzi imene inali yomangika kale kuti pasakhale pongobwerera, nanena kuti wakonza.

Mawa lake pampu inafa pa Dhuhuri.

Sabata imeneyo anachita zonse zimene mavidiyo aja amaletsa. Amati munthu azisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi kuti adziwe chimene chathandiza. Iye tsiku limodzi anasintha fyuzi, mawaya a m'chitsime ndi kachipangizo kodula magetsi, nalembanso theka la pulogalamu. Amati azilemba zimene waona. Iye anagula kope, nalemba dzina lake pachikuto ndi mawu oti injiniya, m'kati osalembamo kanthu. Anaganizira nyerere, nawaza ufa wophera tizilombo kuzungulira mlongoti. Anaganizira buluzi. Anawerenga pulogalamu yake mzere ndi mzere mpaka maso kufiira, napezamo zolakwika ziwiri zenizeni, nasangalala kwambiri, nazikonza, koma sizinali zimenezo. Loweruka anachotsa kabolodi kenikeniko n'kuikamo kena katsopano. Kakaleko anakayesa pa benchi mu shopu masiku atatu, osazima ngakhale kamodzi. Katsopanoko kanafa Lamulungu pa Dhuhuri.

Maulendo atatu anapitako, ndipo maulendo onse atatu anapeza mphasa yamangidwa, kampando, thobwa, ndi pampu yathanzi. Alimi anayamba kunena kuti kabokosiko kamaopa mwini wake. Munthu wanzeru akanachita mantha ndi mawu amenewo, koma Chrispin anawakonda. Anakawabwereza kwa telala.

Koma anayamba kuganiza kuti ngati makina amangofa iye kulibe, ndiye kuti pali munthu. Ndipo ndani amakhala pafupi ndi chitsime nthawi ya Dhuhuri tsiku lililonse? Anaimba foni.

"Che Twaibu, musandimve molakwa. Mukamatunga madzi osamba musanaswali, palibe waya umene mumakoka? Kapena foni imene mumatchajapo?"



"Astaghafirullah," anatero mkuluyo motsitsa. "Mwana wanga, kiyi muli nayo inu. Ine madzi a udhu ndimabwera nawo kunyumba m'botolo. Zaka makumi atatu ndinkasunga maukonde a anthu, palibe anandifunsapo funso limenelo."

Anadula foni, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanaimbenso.

Amene anabwera ndi nkhani anali Tikondwe, atachokera kwa mayi ake Lachiwiri. Anakhala pa sitepe ya shopu osavula n'komwe nsapato.

"Bambo a Alinafe, mpunga wa amayi masamba ayamba kupindika. A kalabu amafuna kuchotsa kabokosi kanu, azingolondera chitsime okha, koma amayi akumawauza kuti kwawo zonse zili bwino, mkamwini wawo akukonza. Ndiye anthu akuchita manyazi. Nanga wa ku mapeto akati madzi akumukwana, wa kutsogolo adandaule chiyani?"

"Ndikapitako imagwira," anatero Chrispin mofooka.

"Ndiye musamukire komweko," anatero Tikondwe, nanyamuka kupita kunyumba.

Sanasamuke, koma anaganiza chinthu choyamba chanzeru pa masiku khumi ndi awiri. Sanali ataionapo pampuyo ikufa. Ankakonza matenda amene anangowamva pa foni. Ngati kabokosi kamaopa mwini wake, ndiye mwini wakeyo apite kasakudziwa.

Lachitatu sanauze aliyense. Anabwereka njinga ya telala, naisiya kwa munthu wina ku msewu, nazungulira kumunsi kwa mapuloti ngati wakuba mbuzi, nalowa m'katsinde ka nthochi pamene ankaona bwino chitsime, mlongoti ndi puloti ya apongozi ake. A injiniya a pa Khombedza anagona chafufumimba m'masamba ouma, nyerere zikuwalowa mu thalauza, osatha n'kudzikanda komwe. Mu mtima anali atakonza kale mawu odzawauza Che Twaibu akawagwira.

Dzuwa linafika pamutu. Azana yoitanira anthu ku swala inamveka chapatali. Che Twaibu anachoka pa ngalande, natenga botolo lawo la madzi, napita pansi pa mtengo wa mango, kutali ndithu ndi mlongoti, nayala kathumba kawo. Pa kabokosi panalibe munthu, panalibe mbuzi, panalibe ngakhale mbalame. Madzi otuluka pa paipi anayamba kuchepa, anadontha, analeka.

Chrispin anachita manyazi ndi zimene anawaganizira mkuluyo. Asanadzuke anaona chinthu china chimene chinamukhomera pansi pomwepo. Mayi Gladys anatuluka kuseri kwa puloti yawo ndi ndowa ziwiri. Sanayang'ane n'komwe ku pampu, zinkaoneka kuti nthawiyo anaizolowera. Anapita ku chitsime, natunga ndi chingwe, nasenza ndowa imodzi, ina m'manja, nayenda utali wonse wa ngalande, kudutsa mapuloti khumi ndi imodzi a anthu ena, kukathira mpunga wawo. Nthaka inamwa madziwo nthawi yomweyo ngati sipanathiridwe kanthu. Anabwereranso. Mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, opanda nsapato, pa dothi lowotcha. Ndiye zonse zili bwino zimene ankauza a kalabu zinali zimenezi. Chrispin anawaona maulendo atatu, ndipo pa ulendo wachitatu anaima panjira n'kugwira m'chiuno. Misozi inamutuluka, ndipo sinali ya nyerere.

Anatuluka mu nthochimo, masamba ali m'mutu. Mayi Gladys atamuona anatula ndowa msangamsanga n'kuzikankhira kuseri kwa udzu, ngati kuti ndiwo agwidwa akuba. Anapatuka pambali, nagwada.

"Pepani bambo, sitinamve kuti mukubwera."

"Amayi, musavutike, ine ndangodutsa."

Munthu wangodutsa bwanji m'nthochi, iwo sanafunse. Chimene chinawavuta n'choti mkamwini waima padzuwa. Anathamangira ku kachisakasa kawo, natulutsa mphasa ija, ndipo Che Twaibu, amene anali atamaliza swala, anabwera kudzawathandiza kumanga osamupatsa Chrispin ngakhale diso.

Chrispin anafika pa kabokosi. Kababu kanali kozima. Anapisa m'thumba kufuna kiyi, m'thumba lina, m'chikwama. Kiyi anali ataisiya ku Khombedza, mu thalauza la dzulo. Masiku onse aja amene kabokosi kanalibe vuto ankabwera nayo. Lero kafa pamaso pake, iye alibe chotsegulira. Pokwiya anamenya chivindikiro ndi chikhatho, nalumpha n'kukuwa. Chitsulocho chinali chotentha moti ukanakazingapo dzira.

Anakhala pa kampando akuuzira dzanja, mphasa itamangidwa pamwamba pa iye ndi pa mlongoti. Sanagwire waya, sanatsegule laputopu, analibe chochita. Mayi Gladys anapepesa kuti thobwa lero palibe. Patapita mphindi ngati makumi awiri, kababu kanaphethira. Pansi m'chitsime munamveka kung'ung'udza, ndipo madzi anatuluka pa paipi.

"Mwaona," anatero mayi Gladys mokondwa, akuyang'ana pansi. "Kamva kuti mwafika."

Chrispin anayang'ana kabokosi, nayang'ana dzanja lake lofiira, kenako anakweza maso n'kuona mphasa. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kukamwa kuli yasa. Mu Juni dzuwa linkadutsa chakumpoto, mthunzi wa mapanelo n'kumagwera pa mlongoti. Tsopano linali pamutu penipeni, likuwomba bokosi lachitsulo, lakuda, lotsekedwa ndi labala kuti mpweya usalowe. M'katimo muli kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi, kamene kakatentha kwambiri kamadzizimitsa kokha kuti kasapse. Kakazima, kabolodi kamafa, pampu n'kuima. Tsiku la mitambo sikanatenthe. Masiku amene iye ankabwera, ulemu wa apongozi ake unkakaphimba. Amene anaphika kabolodiko mu mphika wakuda anali iye mwini, ndi penti wa chitseko chake.

Koma anali atanenapo kale kanayi kuti wapeza vuto, choncho ulendo uno anafuna umboni. Panafunika kusintha chinthu chimodzi chokha, ndipo chinthucho chinali chovuta kuchipempha kuposa china chilichonse. Anatembenukira kwa Che Twaibu, ngakhale apongozi akewo anali ataima mapazi atatu okha kuchokera pamene anali.

"Che Twaibu, ndikupempha muwauze amayi kuti tichotse mphasayi."

"Akumva okha," anatero mkuluyo.

"Kodi yang'ambika?" anafunsa mayi Gladys, akulankhula kwa Che Twaibu. "Ndikabwereke ina kwa anzanga."

"Ayi, ndi yabwino kwambiri. Muwauze kuti ndikufuna dzuwa."

Nkhope ya mayi Gladys inagwa. Mkamwini kukana mthunzi wawo, anthu a m'mapuloti akuona! Anafunsa Che Twaibu ngati pali chimene alakwa. Chrispin anagwada pa dothi lotenthalo, nafotokoza mmene akanathera, chibwibwi chitamugwira: kuti wodwala si pampu koma kabokosi, kuti akuganiza kuti kakudwala dzuwa, ndipo kuti atsimikize ayenera kukadwalitsa dala. Madzi amene mpunga utaye pa nthawiyo atunga ndi iye.

Mphasa inachotsedwa. Chrispin anavula malaya a cholembera aja, natenga ndowa kuseri kwa udzu pamene mayi Gladys ankaganiza kuti sanazione, nayamba ulendo wa ku mapeto a ngalande. Theka la madzi linkathera pa thalauza. Pa ulendo wachinayi anamva paipi yatsokomola n'kukhala chete. Anaponya ndowa, nathamanga manja ali m'mwamba.

"Yafa! Che Twaibu, yafa!"

Alimi a m'mapuloti apafupi anaweramuka kudzaona mkamwini wa mayi Gladys akuvina chifukwa pampu yafa. Anabwezera mphasa, nadikira, pampu inadzuka. Anafuna kuyesanso kachiwiri, koma Che Twaibu anagwira mtengo wa mphasa ndi dzanja limodzi n'kunena kuti mpunga si wa sukulu.

Chrispin anawapepesa mkuluyo pomwepo, anthu akumva. Ananena kuti anawaganizira zoipa pamene wolakwa anali iye, ndipo kuti yankho anamupatsa iwo pa foni tsiku loyamba lomwe.

"Ndinakuuzani za mitambo," anatero Che Twaibu.

"Munandiuza, bambo."

"Munaseka."

"Ndinaseka."

"Basi, zatha. Alhamdulillah madzi akuyenda." Anamupatsa botolo lawo lija kuti atsire pa dzanja lopsalo.

Madzulo ake anafunsa Tikondwe chifukwa chake panalibe amene anamuuza kuti amayi akutunga madzi ndi ndowa masana onse.

"Munafunsa ndani?" anatero Tikondwe. "Inu mumafunsa laputopu."

Mawa lake anapita ndi kiyi. Anachotsa labala uja, naboola mabowo m'mbali ndi pansi, nawatseka ndi kansalu ka neti kuti nyerere zisalowe, napaka bokosi lonse penti woyera. Anaikapo siwichi yolambalala kabokosi, ndipo kiyi anaipereka kwa Che Twaibu. Mu kope muja analembamo tsamba loyamba: tsiku, nthawi, kunja kunali bwanji, ndi zimene ananena munthu amene analipo. Mphasa inakhala pamenepo kudikira denga lenileni. Pampu sinafenso.

Mpunga wambiri wa mayi Gladys unapulumuka, chifukwa cha ndowa zija kuposa chifukwa cha a injiniya. Koma chigawo cha ku mapeto kwenikweni, kumene ndowa zinkafika mochedwa, chinayera. Ngala zake zinaima njo, osawerama, ndipo ukazifinya munalibe kanthu. Chinali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a puloti yonse. Chrispin anakonzeka kumva mawu, ndipo ankawafuna, chifukwa mawu amapweteka kamodzi n'kutha. Mayi Gladys sananene kanthu.

Patatha sabata ziwiri Tikondwe anabwera ndi uthenga. "Amayi akuti mphasa yawo akuifuna, alendo akusowa pokhala. Akuti udzu wofolerera kabokosi akupezerani, mukaupeza pa mlongoti."

Anapita Loweruka ndi mitengo ndi misomali. Pa mlongoti anapeza mitolo isanu yomangidwa bwino ndi luzi. Sunali udzu wa kutchire. Unali mpunga uja wa ku mapeto, womwetedwa ndi ngala zake zomwe. Che Twaibu anati mayiwo anausenza okha, ndipo anati n'kulakwa kuutaya poti ukhoza kugwirabe ntchito ina. Ngati munali mawu ena m'mitolomo, mayi Gladys sanawanene, ndipo mkamwini safunsa zotere.

Anafolera yekha tsiku lonse, ndipo denga lake linapendekera mbali imodzi, monga mmene aliyense womudziwa akanayembekezera. Pa Khombedza anthu amamutchulabe injiniya, koma masiku ano munthu akabwera ndi foni n'kunena kuti kunyumba imazima koma ikafika pano ikugwira, Chrispin saseka. Amamukhazika pansi n'kumufunsa kumene amaiika, nthawi yanji, ndiponso amene amakhala pafupi. Ku chitsime amapitako kamodzi pa mwezi. Dengalo ndi lalifupi, moti kuti aone kababu kake kakuphethira amayenera kuwerama, ndipo akawerama ngala zopanda kanthu zija zimamukanda pakhosi.